Kuyendera ndi kuunika malo amene akufuna kuwasandutsa paki

Khonsolo, unduna kapena mafumu akagwirizana kuti phiri lakutilakuti, dambo kapena nkhalango ya m'mbali mwa mtsinje ikhale malo otetezedwa, chinthu choyamba chimene chimafika kwa katswiri wa zachilengedwe ndi mapu okhala ndi mzere wofiira. Kawirikawiri mzerewo amaujambula munthu amene sanapondepo pamalopo. Ntchito yanu ndi kukaona ngati ukugwirizana ndi madzi, mitengo, nyama ndi anthu amene ali pansi, kenako n'kunena mosapsatira ngati malowo akuyenera kukhala paki, ngati malire asunthidwe, kapena ngati ganizolo lisiyidwe. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi ya malo a mahekitala 200 mpaka 2,000 a nkhalango ya mombo ndi tsamba yokhala ndi madambo, monga imene ili m'madera ambiri a Malawi.

Choyamba: ndi paki yamtundu wanji, ndipo malowo ndi a yani?

Musanagule mafuta a galimoto, funsani kuti malowo adzatetezedwa ndi lamulo liti. Malo osungirako nyama zakutchire amayendera lamulo la 1992, limene linakonzedwanso mu 2004 ndi 2017. Nkhalango za boma ndi za m'midzi zimayendera lamulo la nkhalango la 1997, lokonzedwanso mu 2020. Paki ya mumzinda yopumulirako anthu ili m'manja mwa khonsolo. Yankho lake ndi limene likuuzeni zoyenera kuyeza mwakuya. Malo odzasungirako njovu ndi malo odzachezerako ana asukulu sawunikidwa mofanana.

Kenako pitani ku ofesi ya zamalo mukafufuze ngati mkati mwa mzere wofiira mulibe lizi. Maesiteti ambiri a fodya amene anatengedwa m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 anasiya kulimidwa ndipo tchire linamera, koma mapepala ake alipobe. Funsaninso ku unduna wa zamigodi ngati palibe amene ali ndi chiphaso chofufuzira miyala pamalopo. Mukalumpha zimenezi, mudzatha miyezi itatu mukuwerenga mitengo ya munthu wina.

Chachiwiri: mapu, ndi msampha wa manambala

Pezani mapu a boma a sikelo ya 1:50,000 ku dipatimenti yoona za mapu ndi malire, ndipo muwaike pamodzi ndi zithunzi za setilaiti mu QGIS, pulogalamu ya pakompyuta yopangira mapu. Zithunzi za setilaiti ya Sentinel-2 ndi zaulere, zinayamba mu 2015, ndipo kadontho kalikonse kamaimira mamita 10 pansi. Za setilaiti ya Landsat zimabwerera m'mbuyo zaka zambiri, choncho zimaonetsa nthawi imene minda inayamba kulowa m'nkhalango. Yerekezani zithunzi za mwezi womwewo m'zaka zosiyana. Mukaika cha Febuluwale pambali pa cha Okutobala mudzaganiza kuti nkhalango yatha, pomwe mitengo yangoyoyola masamba ndipo moto wadutsa.

Pali cholakwika chimodzi chimene chimachitika mobwerezabwereza. Mapu akale a boma anajambulidwa ndi njira yowerengera manambala a malo yotchedwa Arc 1950, pomwe GPS ndi foni zimabwera zitaikidwa pa njira ina yotchedwa WGS84. Manambala a malo amodzi omwewo amasiyana ndi mamita oposa 200, makamaka kulowera kumpoto ndi kumwera. Mamita 200 ndi okwanira kulowetsa manda kapena madimba a mudzi wonse m'paki. Sankhani njira imodzi, UTM zoni 36S (manambala a malo a m'mamita) pa WGS84, sinthani mapu onse kuti atsatire imeneyo, ndipo muilembe pamwamba pa fomu iliyonse.

Pa mapuwo gawani malowo malinga ndi zomera: nkhalango yothithikana, nkhalango yodulidwa, dambo, mitengo ya m'mbali mwa mtsinje, matanthwe, minda. Magawo amenewa ndi ongoyerekeza. Mapazi anu ndi amene akawatsimikize.

Chachitatu: kuodira kwa eni dera ndi kuyenda m'malire

Yambani kwa bwanamkubwa, mupite kwa mfumu yayikulu, kwa gulupu, mufike kwa nyakwawa ya mudzi uliwonse wogundana ndi malowo. Fotokozani kuti mwabwera kudzayeza, simunabwere kudzakhoma zikhomo za malire. Anthu akaona alendo atanyamula GPS ndi utoto wofiira amadziwa kuti malo akupita, ndipo ali ndi zifukwa zoganizira choncho. Pamene paki ya Nyika inkakulitsidwa mu 1978 mabanja anasamutsidwa, ndipo nkhaniyo sinaiwalike kufikira lero. Ku paki ya Nyanja ya Malawi, imene inakhazikitsidwa mu 1980, midzi ngati Chembe inasiyidwa momwe inalili, itazunguliridwa ndi paki. Njira ziwirizi zili ndi zotsatira zake, ndipo lipoti lanu liyenera kuonetsa njira imene malo atsopanowa akulowera.

Yendani malire onse wapansi pamodzi ndi anthu amene mfumu yasankha, GPS ikujambula njira. Tengani manambala pamalo paliponse pamene anthu amapezapo kanthu: chitsime, potchezera madzi ziweto, dimba, pomweta udzu wofolera, pokumba dongo la mbiya, ming'oma ya njuchi, njira yachidule yopita kusukulu kapena kuchigayo. Chezani ndi amayi paokha. Iwo ndi amene amadziwa komwe kumamera bowa, komwe kuli masuku ndi maula, ndiponso chitsime chimene chimaphwa pomalizira. Pa msonkhano wa onse pamodzi zimenezi sizituluka. Asing'anga ndi alenje akale achezeredwenso padera, mosawaopseza.

Manda, dambwe ndi kachisi musalowemo popanda chilolezo, ndipo ngati akukanizani, imani pomwe akuimitsani n'kutenga manambala a pomwepo. Pa mapu apoyera ingolembani kuti ndi malo a mwambo. Nthawi zambiri mitengo ikuluikulu yotsala m'dera lonse imakhala kumanda, ndiye pamabwera chilakolako chofuna kuwalowetsa m'paki. Mitengoyo yafika pamenepo chifukwa mudzi unaisunga wokha, choncho lembani zimenezo momveka bwino. Mukapeza zojambula pamiyala, mapale, kapena zotsalira za ng'anjo zosungunulira chitsulo, jambulani chithunzi, musatole kanthu, ndipo dziwitsani a dipatimenti yoona zinthu zakale. Ku Chongoni, m'dera la Dedza, malo 127 a zojambula pamiyala ndiwo anapangitsa derali kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006, ndipo mapanga otere amapezekanso m'mapiri ena.

Chachinayi: mapuloti a mitengo

Apa ndi pamene pagona ntchito yambiri: kuwerenga ndi kuyeza mitengo m'mapuloti, timalo ting'onoting'ono toimira nkhalango yonse. Mufunika anthu anayi: wolemba, woyeza, wogwira chingwe, ndi munthu wa m'deralo wodziwa mayina a mitengo. Zida zake ndi tepi ya mamita 30, tepi ya telala, ndodo yodulidwa pa mita 1.3, choko, kilinomita yoyezera kutsetsereka, kampasi, mabatire apadera, ndi mafomu a pepala ngakhale mukugwiritsa ntchito KoboCollect, pulogalamu yolembera mafomu pa foni.

Malo a mapuloti asankhidwe pa kompyuta musananyamuke. Ikani mizere yopingasana ya mamita 500 mbali zonse, ndipo pamene yakumana pakhale puloti. Pa mahekitala 1,000 mupeza mapuloti 40. Gawo lililonse la zomera likhale ndi mapuloti osachepera asanu, choncho onjezani m'magawo ang'onoang'ono monga m'mbali mwa mtsinje. Mukafika pa nambala n'kupeza kuti pali minga, chulu kapena zitsa zokhazokha, puloti ikhale pomwepo. Gulu lotopa limakonda kusunthira pamthunzi wabwino, ndipo likatero kakhumi lipoti limaonetsa nkhalango imene kulibe.

Khomani chikhomo pakati, ndipo muzungulire ndi chingwe cha mamita 17.84. Bwalo limeneli ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a hekitala, kotero chilichonse chimene mwawerenga mungochulukitsa ndi 10 kuti mupeze cha pa hekitala. Pamalo otsetsereka chingwe chiyenera kutalika kulowera kumtunda ndi kumunsi: mamita 18.6 ngati kutsetsereka kuli 30 peresenti, ndi pafupifupi mamita 20 ngati kuli 50 peresenti. Mukapanda kutero puloti imachepa ndipo mitengo ya m'phiri imaoneka yochepa kuposa momwe ilili.

Yambirani kumpoto, muzungulire mbali imodzi, mtengo uliwonse woyezedwa muulembe choko. Yezani pa mita 1.3 kuchokera pansi, mutaima kumtunda kwa mtengowo. Ndi tepi ya telala mukuyeza kuzungulira kwa thunthu, ndiye gawani ndi 3.14 kuti mupeze kunenepa kwake: masentimita 94 kuzungulira ndi masentimita 30 kunenepa. Lembani pafomu chimene mukuyeza pa ziwirizi, chifukwa wolowetsa manambala mu kompyuta akasokoneza, nkhalango imakula kakhumi. Werengani mitengo yonse yonenepa masentimita 5 kupita m'mwamba. Mtengo wochita mphanda pansi pa mita 1.3 uyezedwe nthambi iliyonse payokha. Wa m'malire a bwalo ulowe pokhapokha ngati pakati pa thunthu pali mkati.

Kuti mudziwe kukhwima kwa nkhalango, werengerani malo amene mathunthu akutenga. Chulukitsani kunenepa ndi kunenepa komweko, kenako ndi 0.0000785. Mtengo wa masentimita 30 umapereka masikweya mita 0.07. Phatikizani mitengo yonse ya m'puloti n'kuchulukitsa ndi 10. Nkhalango yokhwima ya mombo imayambira cha m'ma masikweya mita 7 pa hekitala kumalo a mvula yochepa, ndipo imapitirira 20 kumalo a mvula yambiri.

Pakati pa bwalo lalikulu pangani laling'ono ndi chingwe cha mamita 5.64, lomwe ndi masikweya mita 100, ndipo muwerenge timitengo ndi mphukira zonse. Werenganinso zitsa m'bwalo lalikulu, mulembe mtundu wake, ngati ndi chatsopano kapena chakale, ngati anadula ndi nkhwangwa kapena macheka, ndiponso ngati chikuphukira. Mbali imeneyi anthu amaithamangira, koma ndi imene imanena za mawa. Mombo, tsamba ndi mchenga zimaphukira kuchokera ku zitsa ndi mizu, motero phiri limene laotchedwa makala n'kuoneka ngati lametedwa likhoza kubwerera lokha ngati zitsa zili zamoyo ndipo moto ndi mbuzi zaletsedwa. Malo otero ali ndi phindu lalikulu pa chilengedwe kuposa munda wobiriwira wa bulugamu kapena malaina. Komanso nkhalango yooneka bwino ikhoza kukhala itadyedwa mkati. Ngati mlombwa, mbawa, muwanga ndi phingo mukuzipeza ngati zitsa zokha, ocheka matabwa anadutsamo kale n'kusankha zabwino.

Mayina a mitengo amasokoneza. Dzina limodzi limatha kuimira mitundu iwiri kapena itatu, ndipo mtengo umodzi umasintha dzina mukangowoloka mtsinje. Mtengo uliwonse wokayikitsa dulani kanthambi ka masamba, ndi maluwa kapena zipatso ngati zilipo, kaikeni pakati pa nyuzipepala, lembani nambala ya puloti, panikizani ndi matabwa awiri, ndipo musinthe mapepala tsiku lililonse kuti kasachite nkhungu. Akatswiri a ku National Herbarium, malo osungirako zitsanzo za zomera ku Zomba, ndi amene angakutsimikizireni dzina lake. Gulu lozolowera limamaliza mapuloti anayi mpaka asanu ndi limodzi patsiku. Ngati mapuloti khumi omaliza akutulutsabe mitundu yatsopano, simunamalize.

Chachisanu: madzi, nthaka ndi kutsetsereka

Madzi ayezedwe kumapeto kwa chilimwe, mu Okutobala kapena kumayambiriro kwa Novembala mvula isanagwe, chifukwa funso ndi lakuti chotsala n'chiyani zinthu zikavuta. Pa kasupe gwiritsani ntchito ndowa ya malita 20 ndi wotchi, katatu. Pa mtsinje sankhani malo owongoka a mamita 10, yezani m'lifupi ndi kuya m'malo asanu, ponyani lalanje ndipo muwerenge masekondi. Mwachitsanzo, mtsinje wa mamita 2 m'lifupi ndi kuya kwa mita 0.15 uli ndi masikweya mita 0.3. Lalanje likatenga masekondi 25, liwiro ndi mita 0.4 pa sekondi. Chulukitsani ziwirizi, kenako ndi 0.8 popeza madzi apansi amayenda pang'onopang'ono kuposa apamwamba, pomaliza ndi 1,000 kuti zikhale malita, ndipo mupeza malita 96 pa sekondi.

Tsatirani mtsinje uliwonse mpaka komwe wayambira. Ngati gwero lili kunja kwa mzere wofiira, pakiyo idzakhala ikumwa matope a minda ya kumtunda, ndipo limeneli ndi limodzi mwa zifukwa zomveka zosunthira malire. Ngatinso mudzi wakumunsi umadalira madzi ochokera mkati, lembani chiwerengero cha mabanja ake. Madzi odzamwa alendo atengedwe m'botolo loyera la kulabotale, aikidwe mu ayezi, ndipo akafike tsiku lomwelo. Pamadzi odekha fufuzani nkhono zofalitsa likodzo musanalimbikitse zosambira.

M'puloti iliyonse kumbani kadzenje ka masentimita 50, kapena boolani mpaka mita imodzi. Katondo wofiira amasonyeza kuti madzi amalowa bwino. Makande akuda ong'aluka m'chilimwe, kapena dothi lotuwa la madontho a dzimbiri, ndi chizindikiro chakuti madzi amakhazikika m'dzinja ngakhale lero pali pouma gwa. Pamenepo pasamangidwe msewu, msasa kapena chimbudzi. Chimbudzi chikhale mamita osachepera 30 kuchokera ku madzi, ndipo chikhale kumunsi kwa kasupe.

M'mapiri yang'anani zigwembe, ming'alu ya pansi, mitengo yopendekera kumunsi, ndi miyala ikuluikulu imene yaunjikana m'makwawa. Zimene zinachitika ku Chilobwe, m'munsi mwa phiri la Soche, pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 zinaonetsa mphamvu ya matope ndi miyala zikatsika m'khwawa. Jambulani makwawa otere pa mapu pamodzi ndi nyumba zimene zili m'njira yake. Njira za oyenda pansi zisatsetsereke kupitirira 10 peresenti pa mtunda wautali, ndipo zidule phiri cham'mbali. Njira yolunjika kumtunda imasanduka ngalande m'dzinja limodzi.

Chachisanu ndi chimodzi: nyama

Pamalo amene anthu amasakapo, nyama simungazione masana. Yendani mizere ya makilomita awiri m'mamawa, mukulemba mapazi, ndowe, minga ya nungu, pomwe nguluwe zafukula, ndiponso misampha ya waya, mbuna ndi mauvuni a makala. Gawani chiwerengero ndi makilomita amene mwayenda kuti chaka china wina adzathe kuyerekeza.

Makamera odzijambulira okha amangidwe pamtengo, masentimita 40 mpaka 50 kuchokera pansi, moyang'ana kumwera kuti dzuwa lisawathobwe, imodzi pa sikweya kilomita iliyonse, kwa masiku osachepera 30. Lambulani udzu mamita atatu kutsogolo kwake. Mukaiwala, mphepo idzadzaza khadi ndi zithunzi za udzu ndipo batire lidzatha m'masiku ochepa. Zithunzi za nyama ya mtundu umodzi zojambulidwa mkati mwa mphindi 30 ziwerengedwe ngati ulendo umodzi, kuopa kuti gwape mmodzi wogona pafupi angasanduke agwape makumi asanu. Mfumu idziwe kuti makamera alipo, ndipo zithunzi za anthu otola nkhuni zisatuluke m'manja mwanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha: fungwe, nyalugwe ndi ngaka zimatha kuonekera sabata yachinayi.

Mbalame ziwerengedwe dzuwa likangotuluka, mphindi 10 pamalo amodzi, malo otalikirana mamita 250. Pofunsa akuluakulu za nyama zimene zinaliko kale, aonetseni zithunzi, ndipo musakanizemo nyama imodzi kapena ziwiri zosapezeka kuno. Amene wavomera zonse akungofuna kukusangalatsani. Malo enieni amene mwapeza ngaka asalembedwe mu lipoti lapoyera. Lamulo la nyama zakutchire lokonzedwa mu 2017 limalola chilango chofika zaka 30 kundende pa nyama zotetezedwa kwambiri, komabe ozembetsa akadalipo, ndipo nawonso amawerenga malipoti.

Ganiziraninso za oyandikana nawo. Njovu 263 zitasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kupita ku Kasungu mu 2022, madandaulo a minda yowonongeka ndi imfa za anthu anamveka mbali zonse ziwiri, ku Malawi ndi ku Zambia. Ngakhale pamalo aang'ono, anyani ndi nguluwe zikachuluka chimanga cha m'malire ndicho chimayamba kutha. Maonekedwe a paki ali ndi gawo lalikulu pano. Mahekitala 1,000 a mbali zinayi zofanana ali ndi malire a makilomita pafupifupi 13, pomwe mahekitala omwewo otambalala mamita 500 n'kutalika makilomita 20 ali ndi malire a makilomita 41. Mpanda, alonda ndi mikangano zimakula motsatira malire.

Chachisanu ndi chiwiri: zomera zolanda malo ndi moto

Jambulani pa mapu paliponse pali lantana, namasupuni, mitengo ya paini yomera yokha ngati imene yavutitsa ku Nyika ndi ku Mulanje, kapena mtengo waminga wa Prosopis wa ku chigwa cha Shire. Yezani kukula kwa malo amene zagwira, chifukwa kuchotsa kwake ndi ndalama za chaka ndi chaka zimene mwini paki ayenera kuzidziwa asanavomere. Pa moto, onani kutalika kwa zipsera pamathunthu ndipo funsani mwezi umene umabwera ndi mbali imene umachokera. Moto wa mu Seputembala ndi Okutobala umapha mphukira, pomwe wa mu Meyi ndi Juni, udzu usanaumitsitse, umangodutsa pansi.

Bwereraninso m'dzinja

Ulendo umodzi sukwana. Pakati pa Disembala ndi Malichi mudzapeza maluwa apansi monga chinaka, achule, bowa, mbalame zobwera ndi mvula, ndi malire enieni a dambo. Mudzaonanso msewu umene galimoto silingadutse. Ngati ndalama zalola ulendo umodzi wokha, lipoti linene pa tsamba loyamba nyengo imene yatsala.

Kulemba lipoti

Tsamba loyamba likhale ndi chigamulo: malowo ndi oyenera, ndi oyenera malire akasinthidwa motere, kapena si oyenera. Patsatire mapu anayi: a zomera, a madzi ndi malo oopsa, a zimene anthu amagwiritsa ntchito, ndi a malire amene mukulimbikitsa ataikidwa pamwamba pa mzere wofiira uja. Paliponse pamene mizere iwiriyi yasiyana, lembani chifukwa chake ndi mahekitala ake. Malire atsatire zinthu zimene munthu wolima angazione ndi maso, monga mtsinje, msewu kapena msana wa phiri.

Siyanitsani zimene mwayeza, zimene mwauzidwa, ndi zimene mukuganiza. Onetsani chiwerengero cha mabanja amene adzataye dimba, udzu kapena njira, ndipo mutchule zimene zingapitirire mwa mgwirizano, monga momwe ulimi wa njuchi ndi kutola matondo zinaloledwera ku paki ya Kasungu. Nenani ngati ntchito zomanga zidzafune kafukufuku wa momwe zingakhudzire chilengedwe ndi anthu, amene amavomerezedwa ndi MEPA, bungwe la boma loteteza chilengedwe, motsatira lamulo la zachilengedwe la 2017. Ikaninso mtengo wa chaka chimodzi wa alonda, njira zotchingira moto ndi kuchotsa zomera zolanda malo.

Lipoti lisanapite kwa amene anakutumani, bwererani kumidzi ndi mapu osindikizidwa pa pepala lalikulu, muwerenge zimene mwapeza m'chilankhulo cha kumeneko, ndipo mukonze zimene akutsutsani ndi umboni. Mafomu a pepala, mafayilo a GPS ndi zithunzi zisungidwe m'malo awiri, kope limodzi ku ofesi ya zankhalango ya boma limenelo. Pa mapuloti khumi mwa amene munayeza, khomani kachitsulo ka masentimita 30 pakati mpaka kabisike m'nthaka, ndipo mulembe mtunda ndi mbali ya kampasi kuchokera ku mitengo iwiri yapafupi, kuti wodzayeza pakapita zaka zisanu adzaime pomwe munaima inu.